Ndinabwera nayo yofiira kuchokera ku Joni, lero ili pansi pa nimu ku Ngabu

Abale anga a ku Chigwa cha Shire, makamaka inu anyamata amene muli kuno ku Joni, ndi inu a kumudzi amene mumalandira zithunzi za magalimoto pa WhatsApp n'kumauza achimwene anu kuti "gulani imeneyo", ndikulemba mtima ukuwawabe. Ndapenta nyumba za anthu ku Johannesburg zaka zisanu ndi chimodzi. Thukuta la zaka zonsezo lili pansi pa mtengo wa nimu kwa amalume ku Ngabu, matayala awiri ataphwa, injini yosadzuka.

Galimotoyi ndinaiona pa Facebook mu Seputembala 2023. Yofiira, ya zitseko ziwiri, ya turbo, yopangidwa mu 2008, yogwada ngati ikufuna kudumpha. Mtundu wake sinditchula, chifukwa mlandu suli kwa amene anaipanga. Anaipangira misewu ina ndi matumba ena. Mtengo analemba R78,000, makilomita 112,000. Nditafika pa yadi ndinapeza yatsukidwa, ikunyezimira, ndipo injini inali yofunda kale. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati ulemu, kuti andikonzera. Ndinadziwa mochedwa kuti wogulitsa wochenjera amaliza galimoto kasitomala asanabwere. Injini yozizira ndiyo imaulula zonse: utsi wabuluu wa oyilo amene akupsa, kugogoda kwa tcheni ya mkati, kuvuta kudzuka. Ikafunda imabisa. Ndinazungulira nayo mphindi khumi pa phula losalala, ndinaponda kamodzi, msana n'kukakamira pampando, basi nzeru zonse zinathawa.

Tsiku lolipira ndi pamene R78,000 ija inayamba kubereka. R4,500 akuti ya mu ofesi. R1,800 ya pepala la roadworthy, lonena kuti galimoto yayezedwa ndipo ili bwino pamsewu. R3,200 ya chikalata cha apolisi chotulutsira galimoto kunja kwa dziko, chimene anati chituluka m'masiku atatu. Chinatenga masabata atatu, ine ntchito nditatsanzika kale, lendi ndikulipirabe. Zonse pamodzi R87,500, galimoto isanasunthe. Ndipo pepala la roadworthy lija linabwera galimoto isanatuluke pa geti ngakhale tsiku limodzi! Anaiyeza ndani, anaiyezera kuti? Pansi pa pepala limene ndinasayina panali liwu limodzi la Chiafrikaans, voetstoots. Tanthauzo lake ndi loti wagula mmene ilili, ikafa pa ngodya ndi yako. Mukaliona liwu limeneli, bwezani cholembera m'thumba mpaka makaniko wanu ataigwira.

Njira mukuidziwa: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, Mwanza. Ndisanafike ku Harare ndinali nditathira kale malita awiri a oyilo. Pa Tete, dzuwa lili pamutu, muvi wa kutentha unakwera mpaka ndinaima kawiri kudikira kuti izizire. Ndinkadzilimbitsa mtima kuti ndi ulendo wautali chabe.

Pa chipata cha Mwanza ndi pamene ndinakhala pansi. Dobadoba wina ku Joni, Mmalawi mnzathu, anandidya R1,000 ya "uphungu" n'kundiuza kuti msonkho supyola R20,000, komanso kuti ali ndi munthu wake pa boda amene adzandidikira. Munthuyo sanaoneke, foni ya dobadoba inazima. Msonkho weniweni unali pafupifupi kuwirikiza katatu. Palibe amene anandibera pa msonkhopo, lamulo lili choncho: galimoto ikakhala yakale komanso ya injini yaikulu msonkho umakwera, ndipo akasitomu sangodalira lisiti limene mwabwera nalo, amaonanso mtengo wa galimoto ya mtundu umenewo. Galimoto zothamanga zotchipazi zimagwera mbali zonse ziwiri, ukalamba ndi kukula kwa injini. Amalume anagulitsa ng'ombe ziwiri kuti ndituluke pamenepo.

Koma pa chipata pomwepo ndinakumana ndi munthu mmodzi woona mtima pa ulendo wonsewu, mayi wachikulire, ejenti wa zamisonkho. Anandiuza malipiro ake poyamba, ndipo pamapeto anatenga omwewo osawonjeza ngakhale ya fanta, lisiti n'kundipatsa. Akuona mapepala anga anaima, n'kundiloza pamene panalembedwa kuti galimotoyo ndi ya Code 3. Ku South Africa zimenezi zikutanthauza galimoto imene inaonongeka mpaka kuchotsedwa m'kaundula, kenako n'kumangidwanso. Ine ndinali nditanyamula pepalalo makilomita onsewo osadziwa. Anatsegulanso chitseko cha dalaivala n'kundionetsa kapepala komatidwa pa felemu, ka pamene anasinthira oyilo: makilomita 187,000, zaka ziwiri m'mbuyomo. Wotchi ija ya 112,000 inali yobwezedwa. Mayiwo sananditonze. Anangoti, "Mwana wanga, ukanandiimbira usanalipire, ndikanakuwerengera zonsezi ulere." Mawu amenewa amandibwererabe usiku.

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Zina zonse zinatulukira kwathu.

Potsika phiri kuchoka ku Blantyre kupita ku Thabwa, mabuleki anatentha n'kuyamba kufewa, fungo lopsa likulowa m'galimoto. Amene munatsikapo mukudziwa makhotakhota aja ndi phompho lili m'mbali. Ndinatsika ndi giya yaing'ono ndikupemphera. Amakaniko atatsegula pambuyo pake anapeza mapadi otchipa atatha mpaka pa chitsulo, mafuta a mabuleki akuda ngati khofi. Iyi ndi galimoto imene inali ndi pepala lonena kuti ili bwino pamsewu.

Nditawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, vuto linakhala mimba ya galimoto. Hampu iliyonse ndinkaiwoloka chopingasa, pansi pakukhula. Chaka chimenecho namondwe Freddy anali atadutsa mu Malichi, ndipo misewu ya m'midzi inali migula yokhayokha, mchenga ndi miyala. Sabata yoyamba dzenje limodzi linapinda rimu n'kung'amba tayala. Matayala ake ndi aja opyapyala a mainchesi 18. Ndinafunsa ku Ngabu, ku Nchalo, ku Bangula, onse ankangopukusa mutu. Linachokera ku Blantyre patatha masiku anayi. Sabata yachitatu mwala unaboola sampu, chiwaya chosungira oyilo cha pansi pa injini, oyilo yense pansi.

Kenako kutentha. Kwathu kukafika Okutobala ndi Novembala kumapyola madigiri 40, ndipo injini ya turbo imatentha kale payokha. Pampu ya madzi inatha, redieta inali yomatamata ndi guluu, gasiketi inapsa. Mwezi womwewo wa Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndiye chipangizo chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo usiku umodzi. Amakaniko athu ndi aluso, Hilux kapena Probox amaimasula ndi kuimanga maso ali chitsinzinire, koma iyi imafuna kompyuta kuti inene pamene pakupweteka, ndipo kompyutayo inali ku Blantyre. Kuikweza pa lole kupita nayo ndi ndalama inanso. Za petulo musanene. Mafuta akasowa pa filing'i timagula a m'zigubu, ndipo injini zotere sizikhululuka mafuta osakaniza kapena a fumbi.

Chimene chinandiswa mtima si ndalama. Usiku wina mu Disembala amayi anadwala mwakayakaya. Tsiku limenelo galimoto inali ikuyenda. Koma munthu wodwala amene sangathe kupinda msana mumulowetsa bwanji kumbuyo kwa galimoto ya zitseko ziwiri? Owadikirira akhala pati? Mvula inali itagwa, ndipo ndinadziwa kuti sindifika nayo ngakhale pa phula. Anawanyamula ndi kapikapu kakale ka mnansi wathu amene amagula thonje ndi chitowe, kamene ine ndinkakayang'ana monyoza. Ine mwana wawo wa ku Joni ndinakwera kumbuyo, makiyi a galimoto yofiira ali m'thumba.

Tsono ndikuuzeni mosapsatira. Ambiri a inu simukufuna galimoto, mukufuna kuti anthu pa msika wa Nchalo atembenuke mukamadutsa. Atembenukadi, masiku atatu. Tsiku lachinayi mudzawapempha kuti akukankheni. Ndipo inu a kumudzi lekani kukakamiza ana anu kuti abwere ndi chinthu choonetsa kuti ku Joni zinayenda. Malata, ng'ombe, pampu yothirira kudimba, zimenezo sizifuna sampu.

Ngati mtima wakana ndithu, pitani pa yadi m'mamawa osawauza, ikani dzanja pa injini, ikhale yozizira. Makaniko akhale wanu, wolipidwa ndi inu, wokhala ndi kompyuta, ndipo galimoto ikwezedwe muone pansi ngati pali zowotcherera kapena podontha. Nambala ya chasisi ifanane pa galimoto ndi pa mapepala, ndipo werengani pamene palembedwa Code. Wogulitsa akakana chimodzi mwa izi, tulukani pa geti. Musanapereke ngakhale randi imodzi, imbirani ejenti wovomerezeka akuwerengereni msonkho, muimbirenso mashopu a ku Limbe mufunse ngati ali ndi tayala, mapadi ndi pampu ya madzi ya galimotoyo. Mugwade muyeze mpata wa pansi ndi chikhatho chanu, mukumbukire msewu wopita kwa agogo anu mu Febuluwale.

Ine ndinabwerera ku Joni pa basi, ndikupentanso kuti ndibweze ng'ombe za amalume. Imodzi ndabweza. Sabata yatha mnyamata wina wa ku Nsanje wanditumizira chithunzi cha ina yabuluu, akuti iyi ndi yosiyana, mwini wake ndi mzungu wokalamba. Ndamuuza kuti anditumizire chithunzi cha pepala la kaundula ndi cha kapepala ka pa felemu ya chitseko. Mpaka lero sanatumize.