Padua Kapena Verona kwa Mlendo wa Tsiku Limodzi

Mizinda ya Padua ndi Verona, ya kumpoto kwa Italy, inalowa mu ulamuliro wa Venice mu 1405 ndipo inakhalamo mpaka 1797, koma mlendo wochokera ku Venice amene ali ndi tsiku limodzi lokha ayenera kusankhapo umodzi.

Padua ili pafupi, ulendo wa theka la ola pa sitima kuchokera ku Venice, choncho tikiti yake ndi yotsika mtengo. Ku Verona sitima imatenga ola limodzi kapena kuposerapo.

Ku Padua dzanja la Venice limaoneka m'maphunziro, makamaka pa yunivesite kumene katswiri wa sayansi Galileo anaphunzitsa kuyambira 1592 mpaka 1610, ndi m'munda wa zitsamba zamankhwala umene unakhazikitsidwa mu 1545. Ku Verona limaoneka m'zipata za linga zimene katswiri wa zomangamanga Sanmicheli anamanga, komanso m'chosema cha mkango wamapiko, chizindikiro cha Venice, pa chipilala cha m'bwalo la msika la Piazza delle Erbe, ngakhale alendo ambiri amangoudutsa pothamangira bwalo lakale lamasewera limene Aroma anamanga.

Wokonda mbiri ya sayansi asankhe Padua, pomwe wokonda zomangamanga Verona imuyenera.