Toyota Sienta kapena Honda Freed: banja ligule iti?

Zonsezi ndi za ku Japan, za injini ya malita 1.5 ndi zitseko zotsetsereka m'mbali. Sienta inatuluka mu 2003, Freed mu 2008 kulowa m'malo mwa Mobilio.

Mipando: Sienta imanyamula anthu 7, ndipo mipando yakumbuyo imapindika n'kulowa pansi pa yapakati, katundu n'kupeza malo. Ya Freed imapachikidwa m'mbali, n'kudyako malo ena. Koma Freed zambiri zili ndi mipando iwiri yotalikirana pakati, mwana amadutsa kupita kumbuyo osatsitsa agogo.

Masipeya: apa Sienta yapambana. Sienta yakale, ya mtundu woyamba, injini yake ndi 1NZ-FE, yomwe ilinso mu Probox ndi Corolla zina, makaniko ambiri amaidziwa. Za Freed umayamba wafufuza.

Ya hybrid (yoyendera petulo ndi magetsi): ya Freed inatuluka mu 2011, ya Sienta mu 2015.

Msewu: zonse n'zotsika, pa maenje zimakhula pansi.

Wopita kumudzi pafupipafupi ndi matumba a chimanga atenge Sienta, bola apirire anthu akamamuimika poyesa ndi takisi. Banja la m'tauni lofuna kukhala motakasuka, Freed ndiyo yake.