Kompuresa yaing'ono ya 12V yopopera matayala: miyezi isanu ndi itatu ndikuigwiritsa ntchito pa Hilux

Ndimanyamula mpunga pa Hilux yakale kuchokera ku Lifuwu kupita ku Kamuzu Road, masiku ena mpaka ku Lilongwe kudzera msewu wa M14. Chaka chatha matayala awiri akumbuyo anadyeka pakati pokha, m'mbali muli bwinobwino. Amakaniko anandifunsa kuti ndimapopa zingati, ndinati 65 psi (psi ndi muyezo wa mpweya wa m'tayala), monga zalembedwa pa tayalapo. Anandifotokozera kuti pa tayala la saizi ya 195R14C la 8 ply (muyezo wa kulimba kwa tayala), 65 psi ija ndi malire, yoyenera pamene tayala lasenza katundu wake wonse, makilogalamu 950. Ine ndinkayenda nayo ngakhale kumbuyo kulibe thumba ndi limodzi lomwe, n'chifukwa chake galimoto inkadumphadumpha ngati ngolo.

Vuto ndi loti ndimapita wopanda katundu, n'kubwerera ndi matumba 16 a makilogalamu 50. Mpweya umodzi sungakwanire maulendo onse awiri, ndipo kumunda kulibe wopopa matayala. Ndiye ndinagula kompuresayi ku Lilongwe, ya zingwe zopanira pa batire.

Yandithandiza kwambiri. Ndimanyamuka ndi 35 kutsogolo, 38 kumbuyo. Anyamata akamakweza matumba, ine ndimakhala ndikuwonjezera kumbuyo mpaka 58, injini ikulira kuti batire isathe. Tayala lililonse limatenga mphindi ngati zinayi. Manambala awa ndi a galimoto yanga. Yanu yang'anani kapepala komatidwa pa chitseko cha dalaivala kapena buku la galimotoyo.

Chimene ndaphunzira mochedwa ndi nthawi yoyezera. Kuno ku Salima mu Okutobala phula limatentha ngati chiwaya, ndipo mukayenda makilomita makumi awiri mpweya umakwera ndi 4 kapena 5 psi. Kale ndikaona choncho ndinkaphwetsako. Kumeneko kunali kulakwitsa, chifukwa tayala likazizira limakhala lopereweratu, ndipo tayala losakhuta lomwe lasenza katundu limapindika m'mbali, n'kutentha mpaka kuphulika. Pano ndimayeza m'mamawa galimoto isanasunthe, masana sindichotsanso mpweya.

Pamchenga m'pamene ndinaikonda kwenikweni. Tinapita kukatenga usipa ku gombe lina pafupi ndi Senga Bay, galimoto n'kutitimira. Ndinaphwetsa matayala onse mpaka 20, inatuluka pang'onopang'ono popanda wokankha, ndipo ndinapopanso ndisanakwere phula. Popanda pampu yanu simungayerekeze kutero.

Zolakwika zilipo ndithu. Geji yake yoyezera mpweya imawonetsa mpweya wochuluka pamene makina akulira, choncho muyenera kuzimitsa kaye kuti muwerenge zoona, ndipo ngakhale mutero imasiyana ndi 2 psi ndi geji yanga yam'manja, yomwe ndimaikhulupirira kwambiri. Paipi ndi yayifupi, imafika tayala lakumbuyo movutikira. Imatenthanso: mukapopa matayala atatu motsatizana, chitsulo cha pamwamba sichigwirika, imafuna kupuma mphindi khumi. Kachikwama kake zipi inaduka mwezi woyamba, ndiye pano ndimaisunga m'kabokosi pansi pa mpando kuopa fumbi.

Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Kwa amene mumanyamula katundu wosinthasintha pa M5, kaya ndi mpunga wa ku Nkhotakota kaya nsomba, gulani ya zingwe za pa batire, osati yolowetsa pa kabowo koyatsira fodya, chifukwa ija imachedwa kwambiri kufikitsa tayala la 8 ply pa 55 kapena 60. Mugulirenso geji yam'manja padera. Matayala atsopano amene ndinaika m'malo mwa odyeka aja ayenda miyezi isanu ndi iwiri tsopano, ndipo akudyeka mofanana pakati ndi m'mbali.