Chiwongolero chikamanjenjemera poponda buleki: kupalitsa ma disc kapena kugula atsopano?

Eni Hilux zakale, Isuzu KB ndi Nissan Hardbody vutoli amalidziwa. Mukaponda buleki muli pa liwiro, makamaka potsika mtsetse wa Chiweta kapena wa ku Chikwawa mutasenza katundu, chiwongolero chimanjenjemera m'manja. Ku galaja amakupatsani njira ziwiri: kupalitsa ma disc (mbale zachitsulo zomwe buleki imagwira poimitsa tayala) pa makina kapena kugula atsopano. Zonse zimathandiza, koma pokhapokha vuto lilidi pa disc.

Choncho musanatulutse ndalama, kwezani galimoto pa jeke, muichirikize ndi chinthu cholimba. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, mugwedeze. Likamasewera, ndi bearing ya tayala kapena ball joint (mfundo yachitsulo yomwe tayala limakhoterapo). Gwiraninso m'mbali zonse ziwiri kuti muyese tie rod end, chitsulo cholumikiza chiwongolero ndi tayala. Phokoso nalo limaulula. Kugogoda m'maenje ndi ball joint, ma bush kapena ma shock. Kung'ung'udza komwe kumakula ndi liwiro n'kusintha mukakhota ndi bearing. Kukwechesa ndi ma pad a buleki otha. Ikamanjenjemera musanaponde buleki n'komwe, yambani ndi matayala ndi marimu. Zimandipweteka kuona munthu atagula ma disc pomwe chatha ndi tie rod end, chitsulo chomwe chikasololoka galimoto siwongolekanso.

Ngati zonsezi zili bwino ndipo phazi likumva buleki ikukankha ndi kubwerera, ndiye kuti disc yadyeka mosiyana, pena yanenepa pena yaonda.

Kupalitsa n'kotchipa, koma makina amachotsa chitsulo chomwe sichibwereranso. Pa disc amadinda mulingo womaliza wa kunenepa kwake, nthawi zambiri ndi mawu akuti MIN TH. Uzani amakaniko ayeze inu muli pomwepo. Ngati ikapalidwa itsala pamwamba pa mulingowo, ilibe ming'alu, palitsani ndithu. Ikayandikira malire, isiyeni: disc yopyapyala imatentha msanga, ndipo galimoto yonyamula chimanga kapena simenti imabwereranso kunjenjemera posachedwa.

Atsopano amadula, koma pa galimoto yogwira ntchito yolemera ndi omwe ndimasankha. Pa Hilux zakale za 4x4 pali chifukwa chinanso: disc imamangidwa kuseri kwa hub (chitsulo chomwe tayala limamangidwapo), moti kuti ichoke mpaka hub yonse itsike. Ntchito yotere simungafune kuilipira kawiri. Pomwe yatsikapo, tsukani ma bearing, muike girizi watsopano, muwamange pa mulingo wake. Ma disc akaunjika sindiwakhulupirira pokhapokha ayezedwe kaye, poti ambiri anatsitsidwa kwina pa vuto lomweli.

Njira iliyonse mungasankhe, chitani mbali zonse ziwiri pamodzi, ndi ma pad atsopano. Palani dzimbiri lonse pamene disc imakhudzana ndi hub, chifukwa kanyenyeswa kakang'ono kamaipendeketsa ngakhale ili yatsopano. Onaninso caliper, chitsulo chomwe chimafinya ma pad pa disc: ikamagwira osabwerera, tayala la mbali imeneyo limatentha kuposa linzake ndipo galimoto imakokera komweko. Manati a tayala amangidwe modumphadumpha, mofanana, osati podumphira sipanala ndi phazi. Ndipo potsika mtsetse wautali lowetsani giya yaing'ono kuti injini izithandiza mabuleki.