Maodita, akatswiri kapena antchito eni ake: angaone bwino ndani kampani ikamaphwanya ufulu?

Kuyambira mu 2011, pamene bungwe la United Nations linavomereza mfundo zomwe nthumwi yake yapadera, John Ruggie, anakonza pa nkhani ya bizinesi ndi ufulu wachibadwidwe, kampani iliyonse ikuyembekezeka kumafufuza ngati ntchito zake zikuzunza anthu. Pamavuta mposankha kafufuzidwe kake.

Njira yofala ndi ya maodita, anthu olembedwa ntchito yoyendera mafakitale kuona ngati akutsata malamulo. Amafika pafakitale tsiku limodzi kapena awiri, kuona mabuku a malipiro ndi zitseko zothawira moto, kufunsa antchito angapo, basi satifiketi yatuluka. Njotsika mtengo, ndipo kampani imatha kuyerekeza mafakitale ambirimbiri mosavuta. Koma mbiri yake njomvetsa chisoni. Fakitale ya Ali Enterprises ku Karachi, m'dziko la Pakistan, inapsa mu 2012 n'kupha anthu oposa 250, patangopita masabata ochepa ilandire satifiketi ya SA8000, yotsimikizira kuti fakitale ikusamala antchito ake. Nyumba ya Rana Plaza ku Bangladesh itagwa mu 2013 n'kupha anthu oposa 1,100, zinadziwika kuti ena mwa mafakitale a m'menemo anali atayenderedwa kale, kungoti kulimba kwa nyumbayo sikunali pa mndandanda wa zoti aone. Nthawi zambiri amene amalipira odita ndi mwini fakitale yemweyo. Nanga wantchito angaulule zakukhosi bwana ataima pakhomo?

Njira yachiwiri ndi kafukufuku wozama wa akatswiri oima paokha. Amatenga miyezi, amacheza ndi anthu oyandikana ndi mgodi kapena munda, amayi paokha, n'kufunsa za malo, madzi ndi zina zomwe odita sazilota n'komwe. Bungwe la Danish Institute for Human Rights linakonza ndondomeko yochitira zimenezi. Koma njirayi imadya ndalama, komanso kampani ndiyo imasankha kutulutsa lipoti kapena kulibisa. Nthawi zina imabwera madzi atafika kale m'khosi: lipoti lomwe BSR, bungwe lolangiza makampani, linalembera Facebook lounika momwe Facebookyo inkakhudzira ufulu wa anthu ku Myanmar linatuluka mu 2018, anthu a mtundu wa Rohingya atathawa kale kwawo mu 2017.

Ine ndimakokera ku njira yachitatu, yomwe antchito amatsogolera okha. M'minda ya tomato ku Florida, m'dziko la America, pansi pa ndondomeko yoteteza antchito a m'minda yotchedwa Fair Food Program yomwe inayamba mu 2011, makampani ogula amasaina pangano lomanga mwalamulo, wantchito amatha kuimba foni kukadandaula usiku kapena usana, ndipo mlimi wokana kukonza zolakwa amataya ogulawo. Pangano la ku Bangladesh la 2013 loona za moto ndi nyumba linatengeranso nzeru yomweyo, mabungwe a antchito ali nawo posaina. Apa chilango chimakhudza thumba, n'chifukwa chake zinthu zimasintha.

Kungoti njira yachitatuyi imafuna antchito ogwirizana kale komanso ogula oopa kuipitsa dzina lawo. Pa mgodi womwe sunayambe kukumbidwa palibe wantchito woti adandaule, choncho pamenepo itanani akatswiri, ndipo mugwirizane pasadakhale kuti lipoti lidzatuluka poyera.