Njinga yahayala ya ku Dobbiaco ili bho, koma asakunamizeni kuti njirayi ndi yofewa

Nyenyezi 4 pa 5. Imodziyo ndawalanda osati chifukwa cha njinga ayi, koma pakamwa pa mnyamata wa pa kauntala amene anandiuza akumwetulira kuti musadandaule, malo ambiri mudutsa munjanji yakale, ndi poyalika. Zoona njanji ilipo, koma theka la nkhaniyo anabisa.

Ndinatenga njinga yamapiri yokhala ndi shoko kutsogolo kokha, mabuleki a disiki, giya imodzi kutsogolo ndi zambiri kumbuyo. Anandipatsanso helimeti, kapampu, chubu chapadera ndi loko. Ulendo wake ndi wozungulira m'mapiri a Dolomites kumpoto kwa Italy, makilomita opitirira 60, kuchoka ku Dobbiaco kudzera Carbonin, Misurina, Passo Tre Croci, Cortina kenako kubwerera.

Chigawo choyamba ndiye chimakupusitsa. Umayenda mmene munkadutsa sitima ya Ferrovia delle Dolomiti, imene inayamba kunyamula anthu mu 1921 ndipo mbali ya Dobbiaco mpaka Cortina anaitseka mu 1962, ndiye poti sitima sikwera chitunda chamwano njirayo imangokwera pang'onopang'ono osazindikira nkomwe. Timiyala tating'ono pansi, matayala akungoti tsekeretsekere, wadutsa nyanja ya Lago di Dobbiaco, wafika pa nyanja ina ya Lago di Landro pomwe phiri la Cristallo limaonekera m'madzi ngati pagalasi. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali kujambula, mumtima ndikuti aaa izi basi?

Pa Carbonin mpamene unayambira ulendo weniweni. Njanji umaisiya, umalowa msewu watala wopita ku Misurina, limodzi ndi magalimoto ndi njinga zamoto zomwe zimakudutsa ngati zakwiya nawe. Nyanja ya Misurina ili pamtunda wopitirira mamita 1,700, ndipo mamita amenewo palibe akukwerera, ndi miyendo yako yomweyo. Apa njinga ndiyiyamikire, giya yopepukitsitsa ija inandipulumutsa, ndimapalasa ngati kamba koma osatsika, tcheni sinadumphe olo kamodzi ngakhale ndimasintha magiya mwankhanza ndili wefuwefu. Thukuta kulowa m'maso. Kenako wapuma pa nyanja, ukuona ngati zatha, msewu nkutsika pang'ono kuti ukunyengerere basi, uyambirenso kukwera mpaka Tre Croci, pafupifupi mamita 1,800. Mxiii.

Kutsetsereka kupita ku Cortina ndiye mabuleki anaonetsa kuti si masewera. Umatsika mamita pafupifupi 600 pa kamtunda kochepa, makona motsatizana, chala chimodzi pa buleki iliyonse chimakwana ndipo sanafooke mpaka pansi, kungoti yakumbuyo inayamba kulira kwiii chakumapeto, anthu kumatembenuka kkkk. Tengani jekete. Ine ndinatsika ndi malaya onyowa ndi thukuta, mano amachita kuombana.

Koma chimene chinandimaliza si mapiri aja, ndi njanji yofewa yomwe ija. Kuchoka ku Cortina umayenera kukweranso mpaka Cimabanche, mamita 1,530, ndipo chitunda chake chilibe ukali koma sichitha abale, umapalasa, umapalasa, miyendo inatha kale ku Tre Croci, timiyala tija mmawa timakoma pano tikugwira matayala. Malowo ndi okongola zedi, umalowa m'njira zoboola phiri mozizira ngati mufiriji, umawoloka mlatho wachitsulo pamwamba pa chigwembe cha Felizon, ndinasuzumira pansi kamodzi basi sindinabwerezenso. Timasiteshoni takale tikadalipo m'mbali, ngati ka ku Ospitale. Koma nthawi imeneyo nkuti maganizo anga onse ali pa chishalo. Chishalo chimenecho ndi thabwa. Ngati mulibe kabudula wa siponji musayerekeze, ine makilomita omaliza ndimapalasa choimirira ngakhale potsetsereka.

Nditabweza njinga ndinamuuza mnyamata uja kuti achimwene, anthu muziwauza zoona, kuti njanji ndi mbali imodzi, kwinako ndi mapiri enieni a pamsewu wamagalimoto. Anangoseka nkunena kuti ambiri amatenga yamagetsi. Ndiye osandiuza mmawa bwanji?

Njinga yokhayo ndingaitengenso mawa lomwe, inali yoyera, matayala opopa bwino, saizi anandiyeza asanandipatse. Koma ndikadzabwereranso ndidzazungulira chobwerera, kuyamba ndi Cimabanche miyendo ikadali yatsopano, ngakhale ndikudziwa kuti Tre Croci kuchokera ku Cortina ndi chitunda choopsa kuposa mbali ndinakwera ine. Chishalo ndidzabwera ndi changa.