Usiku wa Lachisanu ku bwalo la London Knights: ndalama ya tikiti sipita pachabe

Kwa inu amene mukukhala ku Ontario, kapena mwabwera kudzacheza ndipo mukufuna kuonako hockey ya pa ayezi osaboola m'thumba, ine ndikuti pitani ku Canada Life Place usiku wa Lachisanu mukaonere London Knights. Ndikunena London wa ku Canada, amene ali pa mtunda wa maola awiri pa galimoto kuchokera ku Toronto mukatsata msewu wa 401. Tikiti yake ndi yotsika kwambiri poyerekeza ndi ya Toronto Maple Leafs, timu ya mu NHL, ligi yaikulu ya akatswiri a hockey, ndipo ngakhale osewerawo ndi anyamata a zaka 16 mpaka 20, zimene amachita pabwalopo si zachibwana ayi.

Bwaloli lili pakati penipeni pa tauni, pa Dundas Street, pafupi ndi msika wa Covent Garden, ndipo mumalowa anthu opitirira pang'ono 9,000. Analitsegula mu 2002 likutchedwa John Labatt Centre, mu 2012 linasanduka Budweiser Gardens, ndipo dzina lapanoli ndi la 2024. Musadabwe mukafunsa njira wina n'kukuyankhani ndi dzina lakale. Ine ndimafika dzuwa likadalipo, n'kudyeratu kumsikako, kenako n'kuwoloka msewu. Chondidandaulitsa ndi poimika galimoto. Pali malo ena oimikapo kumbuyo kwa tauni amene eni ake amakweza mtengo akangodziwa kuti lero kuli masewero, ndipo potuluka mumakhala pa mzere mpaka phazi kuchita dzanzi. Ngati mungathe, kwerani basi.

Nkhani ya pokhala ndiyofunika kwa munthu woyamba. Ambiri amathamangira mipando ya kutsogolo, pafupi ndi galasi lotchinga bwalo. Pamenepo mpokoma pa phokoso lokha: mumamva zitsulo za kunsi kwa nsapato zikukhwekhwereza ayezi, ndipo anyamata awiri akagundirana pagalasipo limanjenjemera pamphuno panu penipeni. Koma masewero simuwatsata. Kampira kake, kamene amati puck, n'kakuda, kolimba, kukula kwake ngati kachitini ka polishi wa nsapato, ndipo kakamenyedwa maso amakapeza kali kale kwina. Tengani mpando wa m'mwambako pang'ono, chapakati, kumene mumaona bwalo lonse. Mukatero mumayamba kuzindikira kuti mbali iliyonse ili ndi anyamata asanu ndi goloboyi, ndipo amasinthana masewero ali mkati, wina kulumpha mpanda kulowa, mnzake kutuluka ali wefuwefu asanathe n'komwe mphindi imodzi. Zigawo zilipo zitatu za mphindi 20, ndipo pakati pake chigalimoto cha Zamboni chimazungulira n'kusalaza ayezi yense. Valani juzi, chifukwa m'munsimu mumazizira.

Koma chimene chimandibwezera kubwaloli ndi nsalu zimene zapachikidwa kudenga, chifukwa mbiri yonse ya timuyi ili pamenepo. Inayamba mu 1965 ndi dzina la London Nationals, ili pansi pa Maple Leafs. Mu 1968 anaigula Howard Darwin, ndipo m'pamene inatenga dzina la Knights ndi mitundu yobiriwira ndi yagolide. Panadutsa anyamata amene pambuyo pake anatchuka mu NHL, monga Darryl Sittler, Dino Ciccarelli ndi Brendan Shanahan, koma chikho cha ligi ya Ontario sichinabwere kwa zaka pafupifupi 40. Chaka chowawitsitsa chinali cha 1995 mpaka 1996. Pa masewero 66, timuyi inapambana atatu okha, kufanana mphamvu atatu, n'kugonja 60. Nthawi imeneyo ankasewerera m'bwalo lakale la kumalire a tauni, pafupi ndi 401, atavala majezi apepo amene masapota akale mpaka lero amapukusa mutu akawakumbuka. Bambo wina wachikulire amene ndinakhala naye moyandikana anandiuza kuti chaka chimenecho sankajomba, ndipo ankayankhula modekha, mosonyeza kuti anapirira zenizeni. Ndinawalemekeza kwambiri bambo amenewo.

Zinthu zinatembenuka mu 2000 pamene abale awiri, Dale ndi Mark Hunter, ana a pafamu a kufupi ndi Petrolia, anagula timuyi limodzi ndi Basil McRae. Onse atatu anasewerapo mu NHL. Dale ankadziwika ndi nkhanza pabwalo: ndi yekhayo m'mbiri ya ligiyo amene anapitirira mapointi 1,000 (zigoli ndi mapasi obweretsa zigoli) komanso mphindi 3,000 za chilango. Ukamuona lero ataima kumbuyo kwa benchi ngati mphunzitsi, manja atapinda, osakuwa, sungakhulupirire kuti ndi munthu yemweyo. Patangotha zaka zisanu anabweretsa timu imene anthu kuno saleka kuikamba. Mu 2004 mpaka 2005, Knights inasewera masewero 31 oyambirira osagonja, inamaliza itapambana 59 pa 68, ndipo mu ndime yomaliza ya Memorial Cup, chikho chachikulu cha matimu a achinyamata m'Canada monse, inathibula Rimouski zigoli 4 kwa 0 m'bwalo lomwe lino. Rimouski imeneyo inali ndi Sidney Crosby, mnyamata amene dziko lonse linkamudikira. Chaka chimenecho NHL sinaseweredwe chifukwa cha mkangano wa malipiro, choncho maso a aliyense anali pa Corey Perry wa Knights ndi anzake. Kuchoka pa kupambana katatu kufika pamenepo panangodutsa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ine ndimaona kuti ndicho chifukwa anthu a mumzinda uno salola mpando kukhala wopanda munthu.

Chikhocho chinabweranso mu 2016, Matthew Tkachuk atagoletsa m'nthawi yowonjezera ku Red Deer, mu timu imene munalinso Mitch Marner. Mu 2024 anagonja mu ndime yomaliza kwa Saginaw ndi zigoli 4 kwa 3, koma chaka chotsatira anakachitenga ku Rimouski atagonjetsa Medicine Hat 4 kwa 1. Rick Nash, Patrick Kane, John Tavares ndi Nazem Kadri onse anavalapo jezi imeneyi. Ndiye mukagula tikiti, mukugula mwayi woona mwana amene zaka ziwiri zikubwerazi adzakhala pa wailesi yakanema sabata iliyonse, ndipo inu mudzati ndinamuona ndevu zisanamere.

Pali chimodzi chimene mtima wanga sunakhazikike nacho pa hockey ya achinyamata yonse, osati timu ino yokha. Ana amenewa amachoka kwa makolo ali ndi zaka 16, amakakhala ndi mabanja owasunga mumzinda wachilendo, amapita kusukulu m'mawa n'kuyenda mitunda italiitali pa basi usiku, ndipo akhoza kusinthanitsidwa ndi timu ina pakati pa chaka. Ambiri mwa iwo ku NHL sadzafikako. Ndikaona awiri ataponya magolovesi pansi n'kuyamba kusinthana zibakera, anthu ataimirira n'kumakuwa, ine ndimangoganiza za amayi awo. Ndewuzi zinachepa chifukwa ligi inakhwimitsa malamulo, ndipo ndikanakonda zitatheratu. Ngati mukupita ndi ana aang'ono, auzenitu kuti nthawi zina zimachitika.

Kupatula zimenezo, ndi malo abwino kupitako ndi banja. Ogwira ntchito pakhomo amakulondolerani kumpando mwaulemu, masewero amatha nthawi yabwino yoti ana akagone, ndipo majezi ndi zipewa za timuyi zimagulitsidwa mkati momwemo. Ligi imayamba mu Seputembala n'kufika mu Marichi, kenako pamabwera masewero ochotsana amene matikiti ake sachedwa kutha, choncho gulirenitu pa intaneti. Mukafuna tsiku limodzi loti musaphonye, sankhani la mu Disembala limene aliyense amabwera ndi chidole, ndipo Knights ikangogoletsa chigoli choyamba onse amaponya zidolezo pabwalo kuti zikaperekedwe kwa ana osowa pa Khirisimasi. Chidolecho chikulungeni mu pulasitiki kuti chisanyowe pa ayezi.